Kufufuta Konse

Usiku wafika pakati muno mu Valparaíso.
Sitima za padoko zikulira ngati ng'ombe zosowa khola,
khofi wazizira m'kapu,
ine maso ali pa kamzere kobiriwira kokwawa pasikirini.
Kafika pa 97.
Kaima njii.
Kenako kathireyi katuluka,
kalavula chimbale ngati mwana wokana mankhwala.
Kachinayi tsopano.

Basi ya kummwera inyamuka mawa dzuwa lisanapendeke.
Mayi ali ku Ancud, kutsidya kwa madzi,
kumene mvula sipempha odi.
Alibe intaneti, sayifunanso.
Ali ndi kamakina kakale ka DVD pansi pa wailesi yakanema,
kofunditsidwa kansalu koluka okha.
Froilán watumiza kanema kuchokera ku Malmö:
mwana wake akuphunzira kuyenda,
mapazi asanu, dzandidzandi, kenako pansi khu,
n'kuseka ndi mano awiri.
Mayi sanamuonepo.

Ndaimbira Baltasar wa chipinda chapansi,
uja wokonza mafoni pafupi ndi msika.
Chepetsani liwiro, mayi Ismenia, akutero,
chimbale chotere sichifuna phuma.
Ndachepetsa.
Tsekani mapulogalamu ena onse, kompyuta ipume.
Ndatseka, ngakhale nyimbo zimene zimandiperekeza.
Pukutani diso la makinawo, fumbi la m'phiri lino ndi loipa.
Ndapukuta ndi kathonje, pang'onopang'ono,
monga ndinkachitira ndi diso la bambo atadwala.
Yang'anani chizindikiro, ndi chophatikiza kapena chochotsera?
Makina akale amasankha ngati apongozi.
Chochotsera, ndayankha.
Ndiye chili bwino.

Chazunguliranso, chalira fyuuu,
kuwala kofiira kukuphethira,
ine ndagwira mpweya.
97.
Zii.

Baltasar akuyasamula m'foni.
Kodi chimbalecho chinali ndi zinthu kale?
Inde.
Munachifufuta bwanji?
Mwachangu, ndinadina pamene analemba kuti mwachangu.
Waseka kaye.
Kufufuta kwachangu kumangong'amba tsamba la zam'katimu, mayi,
nkhani zonse zimatsala m'munsi,
zatsopano zimapunthwa pa zakale.
Sankhani kufufuta konse. Kumachedwa, koma n'komweko.

Ndatembenuza chimbale m'manja.
Pamsana pake pali dzanja langa lomwe, inki yakuda:
Ukwati, Ismenia ndi Anselmo.
Ndinachitola m'kabati dala,
poti masitolo atseka,
poti ndinkati ndinathana nazo kalekale.
Kani diresi loyera lija likadali m'menemo,
akodiyoni ya amalume,
keke yopendekeka,
ndi iye, akundiponda phazi povina.

Ndadina.
Kompyuta yandifunsa ngati ndatsimikiza.
Palibe anandifunsapo zimenezo,
ngakhale woweruza uja wa magalasi.

Mphindi makumi anayi.
Ndatsuka kapu. Ndathirira maluwa usiku ngati wamisala.
Galu wa kwa Leontina wauwa mwezi mpaka watopa.
Nyumba yagwedezeka pang'ono, kachivomerezi ka masiku onse,
supuni zalira m'dilowa, zakhala chete.
M'kati mwa bokosimo kamoto kochepa ngati nsonga ya singano
kakuyenda mzere ndi mzere,
kusalaza.

Ndayambanso, pa liwiro la nkhono.
60. 80.
97.
Ndatseka maso.
Nditatsegula, kakuti kakutseka chimbale, ndidikire,
ndisakhudze kanthu.
Sindinakhudze.

Mbandakucha ndatsika masitepe ndi patapata,
ndagogoda kwa Leontina, amene makina ake ndi akale ngati a mayi.
Watsegula tsitsi lili nyankhalala.
Taika. Tadikira. Sikirini yabuluu, yakuda,
kenako kapeti wa ku Malmö,
ndi timapazi tiwiri.
Imodzi, ziwiri, akuwerenga Leontina, zitatu,
ayi, wagwa!

Inki yokha ndiyo yakana kuchoka.
Ndayesa malovu, ndayesa mowa wa m'botolo la mankhwala,
yangofalikira.
Ndakhwatcha mzere umodzi pamwamba pake,
m'munsi ndalemba: Amaro akuyenda.
Mayi adzawerenga zonse ziwiri, ndikudziwa,
adzavala magalasi, adzandiyang'ana,
n'kufunsa ngati ndadya.